Amishoni Pakati pa Asilamu: Zimene Zinacitika kwa Mponda

Nkhani ya pa wailesi, yokambidwa m'Cinyanja

Munthu wocoka ku Lusaka kulowera kum'mawa pa mseu waukulu wa ku Chipata, asanafike pa Boma la Chongwe, amaona njira yopatukira ku Kanakantapa. Malo amenewa ali m'dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya, koma okhalamo ndi a mitundu yambiri, pakuti m'caka ca 1988 Boma linagawa minda kumeneko kuti acinyamata osowa nchito m'matauni akayambe ulimi. Anthuwo anadza ndi makasu ao, ndi zinenero zao, ndiponso ndi mipingo yao.

Kufupi ndi kumeneko kuli mishoni yakale ya Kasisi, imene Bambo Jules Torrend, wansembe wa cipani ca Ajezuiti, anaiyamba m'caka ca 1905. Mbiri ya mishoni zotere anthu amaidziwa bwino. Mmishoni amafika napempha malo kwa mfumu. Amamanga sukulu ndi chalichi. Ana amaphunzira kuwerenga, nabatizidwa, ndipo popita zaka midzi yonse yozungulira imakhala ya Akristu. Cifukwa ca ici ambiri amayesa kuti nchito ya amishoni inayenda motero ponse ponse.

Koma mlimi wa ku Kanakantapa akanyamula matimati ake kunka nao ku msika wa Soweto mu Lusaka, amakomana ndi anthu ena obvala zisoti zoyera, amene amatseka nchito zao masana a tsiku Lacisanu kuti apite ku mzikiti. Ena mwa iwo ndi Amwenye, koma ena ndi Ayao, amene makolo ao anacokera ku Nyasaland kudzafuna nchito. Tsono Akristu acangu, makamaka acinyamata, amafunsa kuti, "Kodi anthu awa amishoni sanawafikire? Nanga bwanji osapita kukawalalikira?" Funso limeneli si lacilendo. Amishoni anawafikiradi, zaka zoposa 140 zapitazo, ndipo zimene anakomana nazo ziyenera kudziwika kwa yense amene afuna kuyesanso nchitoyo. Kuti zimveke bwino, nkhani iyenera kutsata mseu womwewo wa kum'mawa, kupitirira Chipata, kulowa m'Malawi, kufikira kumene mtsinje wa Shire uturukira m'nyanja.

MMENE CISILAMU CINAFIKIRA KWA AYAO

Kwao kweni kweni kwa Ayao ndi kum'mawa kwa nyanja, m'mapiri a dera limene lero ndi Niassa, m'dziko la Mozambique. Kuyambira kale iwo anali anthu a maulendo. Anali kunyamula minyanga ya njobvu kunka nayo ku gombe la nyanja yamcere, ku Kilwa ndi ku madoko ena, ndipo pambuyo pake anagulitsanso akapolo. Pobwera anali kutenga nsaru, mikanda, mfuti ndi wonga. Ku gombeko anaona Aswahili ndi Aluya, anthu odziwa kulemba, opemphera kasanu pa tsiku, ndipo mafumu a Ayao anayamba kusunga alembi a Ciswahili m'midzi mwao kuti aziwalembera makalata ndi kuwerengera malonda.

Ca m'ma 1870 Mfumu Makanjira inalowa Cisilamu, ndipo mafumu ena akuru, monga Mataka, Mponda ndi Jalasi, anatsata njira yomweyo. Ku Nkhotakota nako kunali kale mafumu a Ciswahili ochedwa Jumbe. Cotero pamene amishoni anafika pa nyanja sanapeze anthu osadziwa buku kapena pemphero. Anapeza aphunzitsi ena atafika kale, ali ndi buku lao, ndi masiku ao osala kudya, ndi malo ao pa bwalo la mfumu.

JOHNSON KU MWEMBE

Oyamba kuyesa kukhala pakati pa Ayao a kwa Mataka anali amishoni a Chalichi ca Angilikani, a bungwe la U.M.C.A. Bishopu Edward Steere anafika ku Mwembe, mudzi waukuru wa Mataka, m'caka ca 1875, ndipo m'caka ca 1880 wansembe wacinyamata, William Percival Johnson, anakakhala komweko. Iye anadya zakudya za eni mudzi, naphunzira Ciyao, nayamba kasukulu. Koma m'caka ca 1881 kunamveka mbiri yakuti Angelezi a ku gombe agwira ulendo wa Mataka namasula akapolo ake. Anthu a ku Mwembe anaganiza kuti Mzungu wokhala pakati paoyo ndiye anali kazitape. Anafunkha katundu wake, ndipo Johnson sanathe kukhalanso kumeneko. Anatsikira ku nyanja, kumene anagwira nchito pakati pa Anyanja kufikira imfa yake m'caka ca 1928.

Apa panaoneka bvuto loyamba. Mmishoni anali kudziona ngati mthenga wa Mulungu yekha, koma eni dziko anali kumuona ngati mbale wa Azungu amene anali kuwatsekera malonda, ndipo pambuyo pake anawalanda ufumu. Zoipa za malonda a akapolo palibe angazikane, ndipo amishoni analondola podana nazo. Koma kwa Mataka mau a Johnson ndi mfuti za Angelezi zinaoneka ngati zocokera m'thumba limodzi.

MIYEZI 18 KWA MPONDA

Aciwiri anali Akatolika a cipani ca White Fathers. Cipani cimeneci anaciyamba ndi Kadinala Charles Lavigerie ku Algiers m'caka ca 1868, m'dziko la Asilamu, ndipo mkanjo woyera umene ansembe ake anali kubvala unali wotengera zobvala za Aluya a kumeneko. Ngati panali amishoni oyenera kudziwa kakhalidwe ka Asilamu, anali iwowa.

Kumapeto kwa Disembala m'caka ca 1889 anafika kwa Mponda, pafupi ndi pamene pali tauni ya Mangochi lero. Anali ansembe atatu, Bambo Adolphe Lechaptois, Bambo Valentin Heurtebise ndi Bambo Joseph Mercui, pamodzi ndi Bulazala Antoine. Anadza mothandizidwa ndi Boma la Apwitikizi, limene linali kulimbirana dziko limenelo ndi Angelezi. Mponda anawalandira, nawapatsa malo m'kati mwa mudzi wake momwe. Koma cimene iye anali kufuna kwa alendowo sicinali katekisimu ai. Anali pa nkhondo ndi abale ake olimbirana naye ufumu, ndipo anayembekeza kuti abwenzi a Apwitikizi adzamthandiza ndi wonga ndi mfuti.

Ansembewo anacita zimene anatha. Anapatsa mankhwala odwala, natsuka zilonda, nasonkhanitsa ana kuwaphunzitsa kuwerenga. Anthu anali kudza kudzaceza nao, nalandira mankhwalawo mothokoza, koma nthawi ya mapemphero anali kupita kwa mwalimu wao. Zimene ansembe anaona tsiku ndi tsiku anazilemba m'buku limene lilipo mpaka lero, ndipo Ian Linden, wolemba mbiri ya Akatolika a m'Malawi, analifalitsa m'Cingelezi.

Mu Januwale 1890 Boma la Angelezi linaopseza Apwitikizi kuti acoke m'dera la Shire, ndipo iwo anagonja. Ansembe anatsala opanda wowacirikiza, ali kudwala malungo, pakati pa mudzi wa nkhondo. Mu Juni 1891 anacoka kwa Mponda, atakhalako miyezi ngati 18, osasiya mpingo m'mbuyo mwao. Anakwera ngalawa kunka kumpoto kwa nyanja, nayenda pansi pa njira yopita ku nyanja ya Tanganyika, ndipo mu Julaye caka comweco anamanga msasa ku Mambwe Mwela, kufupi ndi Mbala. Kucokera pamenepo nchito inakula. Bambo Joseph Dupont, amene Abemba anamucha Moto Moto, anatsegula Kayambi m'caka ca 1895, ndipo pambuyo pake Chilubula. Pamene Akatolika a m'Zambia anakondwerera zaka 100 za mpingo wao m'caka ca 1991, anawerenga zakazo kuyambira pa Mambwe Mwela. Motero mpingo waukuru umenewu unabzalidwa ndi anthu amene anali atalephera pakati pa Asilamu a kwa Mponda. Ansembe anali omwewo, ndi ciphunzitso cinali comweco. Cosiyana cinali anthu amene anawapeza.

CIFUKWA CAKE NCIANI?

Ena amati Ayao ndi anthu ouma mtima, koma mbiri siibvomereza mau amenewa. Ku Blantyre, kumene amishoni a ku Scotland anafika m'caka ca 1876, ndi ku Domasi, kumene anatsegula mishoni m'caka ca 1884, Akristu ambiri oyamba anali Ayao. Alexander Hetherwick anaphunzira cinenero cao, nalemba buku lophunzitsa Ciyao m'caka ca 1889. Mbusa Harry Kambwiri Matecheta, mmodzi wa abusa awiri oyamba a Ciafirika amene mishoni ya Blantyre inawadzoza m'caka ca 1911, anali Myao. Ayao a kumeneko Cisilamu cinali cisanazike mizu pakati pao, ndipo analandira Cikristu monga anacitira Atonga a ku Bandawe kapena anthu a ku Kasisi. Cinatsekera amishoni njira kwa Mponda ndi kwa Makanjira si mtundu wa anthu ai, koma kuti Cisilamu cinali citalowa kale m'zinthu zimene zimamanga mudzi.

Coyamba cinali ufumu. Pakati pa 1891 ndi 1895 Harry Johnston anathira nkhondo mafumu a Ayao mmodzi mmodzi, namanga linga la Fort Johnston pafupi ndi kwa Mponda. Munthu akadayesa kuti mafumuwo atagonja, cipembedzo cao cidzagwa nao pamodzi. Koma cinacitika ndi cosiyana, pakuti Cisilamu cinafala koposa m'zaka zotsatira. Anthu amene analandidwa mfuti ndi malonda anagwiritsa cimene cinawatsalira, cosacokera kwa Mzungu. Mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuphunzitsa Korani, ndipo ophunzira ao anamanga mizikiti kwao.

Caciwiri cinali cinamwali. Mwambo wakale wa anyamata unasanduka jando, ndipo mnyamata woturuka ku jando anali kuyesedwa munthu wamkuru, Myao weni weni, ndiponso Msilamu, zonse zitatu pa tsiku limodzi. Ukwati, maliro, sadaka ya akufa, ngakhale kazingidwe ka nkhuku ndi mbuzi, zonse zinayenda mwa Cisilamu. Mmishoni anali kulankhula ndi munthu mmodzi za moyo wake wosatha. Koma munthuyo pomvera anali kuganiza za amai ake, za amalume ake, za mbale imene adzadyeramo madzulo, ndi za anthu amene adzamuika m'manda. Akuru anati cibale ndi fupa, siciola. Kubatizidwa kwa munthu wotere kunali ngati kusamuka pa mudzi, ngakhale nyumba yake ikhale pomwepo.

SUKULU INASANDUKA MSAMPHA

Cacitatu cinali sukulu, ndipo apa ndi pamene panagwa cisoni cacikuru. M'masiku a utsamunda pafupifupi sukulu zonse za ku Nyasaland zinali za mishoni. Boma linayamba dipatimenti yake ya maphunziro m'caka ca 1926 cabe. Kwa amishoni sukulu ndiyo inali khomo la chalichi. Mwana anali kuphunzira kuwerenga ndi katekisimu pamodzi, ndipo ambiri opitirira maphunziro anali kubatizidwa ndi kulandira maina atsopano. Makolo a Cisilamu anaona zimenezi, naopa kuti mwana akapita ku sukulu adzabwerako mlendo, wodya zimene iwo sadya, wokana dzina limene anampatsa. Tsono ambiri analetsa ana ao, nawatumiza ku madrasa kokha.

Mapeto ake onse awiri anataya. Amishoni sanapeze Akristu amene anawayembekeza, koma anapeza kukayikiridwa. Ana a Asilamu anakula osadziwa Cingelezi, ndipo nchito za ukalaliki, za uphunzitsi ndi za m'cipatala zinapita kwa ena. Ambiri a iwo anakhala atelala, ophika, alonda ndi asodzi, ndipo ena anapita kukafuna nchito ku Salisbury, ku Joni, ku Fort Jameson, ku Lusaka ndi ku migodi ya kopa. Ndiyo njira imene makolo a Ayao ambiri a m'Zambia anadzera. Maboma a Mangochi ndi Machinga anatsalira m'maphunziro kwa zaka zambiri dziko litalandira kale ufulu.

Cilonda cimeneci sicinapole msanga. M'caka ca 2019 kunabuka mkangano m'boma la Balaka pa nkhani yakuti atsikana a Cisilamu azibvala mpango wa kumutu pa sukulu ya mishoni kapena ai, ndipo anthu anabvulazana, sukulu nitsekedwa. Bungwe la Public Affairs Committee, limene linayamba m'caka ca 1992 ndipo muli atsogoleri a Akristu ndi a Asilamu, linakhalitsa pansi mbali zonse ziwiri, ndipo m'caka ca 2021 anasainirana pangano lolola mpangowo. Mlandu umene unayamba m'masiku a agogo unadzaweruzidwa m'masiku a zidzukulu.

WANSEMBE WA KU UNANGU

Pakati pa mbiri yonseyi pali munthu mmodzi amene anayenda njira ina. Dzina lake ndi Yohana Barnaba Abdallah, Myao, mwana wa mfumu ya kufupi ndi Masasi m'dziko la Tanzania. Anaphunzira pa sukulu ya U.M.C.A. ya Kiungani ku Zanzibar, ndipo anatumizidwa ku Unangu, m'mapiri a Niassa, kumene mishoni inatsegulidwa m'caka ca 1893. Anadzozedwa unsembe m'caka ca 1898, nakhala ku Unangu kufikira imfa yake m'caka ca 1924.

Abdallah sanatembenuze dziko lonse la Unangu. Anthu ambiri a kumeneko anatsata Cisilamu iye ali pomwepo. Koma sanapitikitsidwe monga Johnson, ndipo sanacoke monga ansembe a kwa Mponda. Anakhala zaka ngati 30 pa malo amodzi, wolankhula cinenero ca anthuwo monga mwana wa pa mudzi, wodziwa mafumu ao ndi milandu yao, nasunga kampingo kake mwa mtendere pakati pa anansi a cipembedzo cina. Anakhala pansi ndi nkhalamba kufunsa za makolo, nalemba buku la mbiri ya Ayao lochedwa Chiikala cha Wayao, limene linasindikizidwa m'caka ca 1919 pamodzi ndi Cingelezi cake. Kufikira lero ofuna kudziwa za Mataka ndi za maulendo a ku gombe, Asilamu ndi Akristu omwe, amatsegula buku la wansembe ameneyu. Iye anaona kuti anthu amene anadza kudzawalalikira anali ndi mbiri yoyenera kuimva poyamba. Kuona maso a nkhono nkudekha.

AMENE AMASENZA KATUNDU

Asilamu ena anatembenukadi, kale ndi lero lomwe, monganso Akristu ena alowa Cisilamu. Mpingo wa Angilikani uli ndi Akristu ake ku Nkhotakota, ku Malindi ndi kwa Mponda komwe, kumene U.M.C.A. inadzatsegula mishoni m'caka ca 1896, ndipo Akatolika ali ndi dayosizi ya Mangochi kuyambira 1973. Malamulo akuru a dziko la Malawi ndi a dziko la Zambia amalola munthu ali yense kusankha cipembedzo cake ndi kucisintha. Ufulu umenewu ndi wa mtengo wapatali, ndipo palibe mfumu, shehe kapena mbusa woyenera kuulanda.

Koma lamulo silidya nsima ndi munthu. Mlaliki akatha msonkhano wake amapinda hema nabwerera kwao. Wotembenukayo ndiye amatsala pa mudzi. Ndiye amene adzaona amai ake akulira, mkazi wake akuitanidwa kwao, abale ake akumpatulira mbale. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma mwini mudzi dzuwa limamtentha tsiku lonse. Cifukwa cake mpingo umene uitana munthu kuti aturuke m'nyumba ya makolo ake uyenera kudzifunsa ngati uli wokonzeka kukhala mbale wake pa njala, pa matenda ndi pa maliro, zaka zonse za moyo wake. Ndipo mpingo umene upereka mankhwala, cimanga kapena maphunziro uyenera kupereka kwa onse popanda mbedza m'kati, pakuti anthu a kwa Mponda anaizindikira mbedzayo kale, ndipo ana ao sanaiwale.

Mipingo yambiri inaphunzirapo kanthu. M'caka ca 1959 mipingo ya Ciprotestanti inayamba nchito yophunzitsa abusa za Cisilamu, imene lero ichedwa PROCMURA. M'caka ca 1965 msonkhano waukuru wa mabishopu a Katolika ku Roma unalangiza Akristu kuti aziona Asilamu mwaulemu ndi kuleka udani wakale. Ku Lusaka, m'dera la Bauleni, a White Fathers anatsegula malo ochedwa FENZA, ophunzirirapo za zipembedzo ndi miyambo ya anthu, ndipo mmodzi wa ansembe ao, Bambo Felix Phiri, mwana wa m'Zambia, analemba buku lonena za mabungwe a Asilamu a m'dziko muno m'caka ca 2008. Cipani cimene cinacoka kwa Mponda manja ali zii cinabwerera kwa Asilamu ndi makutu.

KUBWERERA KU KANAKANTAPA

Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mau amenewa analowa m'ciyambi ca malamulo akuru a dziko m'caka ca 1996, pamodzi ndi lonjezo lakuti munthu ali yense adzapembedza monga afuna. M'dziko lotere Asilamu ndi ocepa, ndipo ocepa amamva msanga ngati anansi ao awayesa anthu kapena awayesa nyama yosaka.

Anthu a ku Kanakantapa amadziwa kale za kukhala ndi mnansi wosiyana naye. Amene anafika kumeneko kuyambira 1988 sanasankhe wolima naye malire. Mbemba anapezeka pafupi ndi Mtonga, Mnsenga pafupi ndi Mlozi, onse pa nthaka ya Asoli, ndipo anaphunzira kubwerekana ng'ombe ndi kukumbirana manda. Wacinyamata wa kumeneko amene mtima wake utentha kuti akalankhule za cikhulupiriro cake kwa Msilamu wa pa msika ali ndi ufulu wotero, monganso Msilamuyo ali ndi ufulu womuyankha ndi kumuuza zake. Koma asanatsegule pakamwa acita bwino kukumbukira Johnson, amene anamuyesa kazitape. Ansembe a kwa Mponda, amene anadza m'mthunzi wa Boma lacilendo nacoka nalo pamodzi. Ana a ku Mangochi, amene anataya sukulu cifukwa ca mantha a makolo ao. Ndi Yohana Abdallah, amene anakhala zaka 30 nayamba wafunsa. Ayambe wadziwa dzina la munthuyo, ndi kwao, ndi za amai ake. Zotsala zili pakati pa munthuyo ndi Mulungu.